Maliro a Papepala

"Muiwerengenso kalatayo, bambo a Comfort, mwina makutu angawa andinamiza," anatero Enelesi ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Ndawerenga kale. Ikunena zomwe ndakuuzazo."

"Kumva ndamva, koma ndikufuna muzimve nokha zikutuluka pakamwa panu. Paja munkati mukasiya ntchito mtima ukhala pansi. Nanga wakhala pansi?"

Raymond Mphepo anali khale pakhonde, kalata ili pabondo. Inabwera m'mawa womwewo ndi mlonda wa ku esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo, kufupi ndi Chulu, kumene iye anali kapitawo. Mizere inali yochepa koma yolemera. A Geoffrey, manijala wa esitetiyo, ankati Raymond wajomba kuntchito masabata awiri popanda chilolezo. Alembe chifukwa chake, abwere nacho yekha ku ofesi Lachisanu, akaonekere pamaso pa komiti. Akapezeka wolakwa achotsedwa chimanjamanja, njinga ya kampani abweza, ndipo matumba awiri a fetereza amene akapitawo amalandira chaka ndi chaka asawalotenso.

"Sindinajombe ine," anatero Raymond. "Ndinasiya. Kalata yosiya ntchito ndinakapereka ndi manja angawa."

"Ndiye anailandira?"

"Anaikana, anangoiponya mu diloo."

"Eya. Anati chiyani? Nenani, musameze."

"Anati fodya sasiyira pakati. Anati matenanti ndinakawatenga ndine ku Mulanje, ndiye ndiwayang'anire mpaka mabelo atapita ku okushoni."

"Tsono munthu amene kalata yake yakanidwa, n'kukhala pakhomo kumawerenga nkhuku, wasiya ntchito kapena wajomba? Ine sukulu ndinalekera panjira, koma izi zokha ndikuzidziwa. Polemba mayina a makuponi a fetereza m'mudzi muno anatidumpha. Anati kwa a Mphepo kuli malipiro, kuli fetereza wa ku esiteti, asiyireni osauka. Lero kuponi tilibe, ntchito mwaitaya. Kodi mwapitako kumunda? Chimanga chathu chayamba chikasu. Cha a Dyna apa chabiriwira kuti bii, chathu chikuoneka ngati chachira kumene malungo."

"Iwe sunalipo tsiku lija, mayi a Comfort."

"Sindinalipo, koma nkhaniyo ndaimva mpaka makutu kuwawa."

"Unaimva kwa anthu. Kwa ine sunaimve." Raymond anapinda kalata ija, mawu n'kutsika. "Mwana wa Yobu, mmodzi wa matenanti aja, anamwalira mbandakucha, mvula yoyamba itagwa usiku wonse. Matenanti onse anasonkhana pakhomo pake. Abwana anandiitana, akuti nthaka yanyowa lero, mawa iuma, mbande sizidikira maliro. Ndinati abwana, kumalaini kwa matenanti kuli zovuta. Anati wosapita kumunda lero, phoso sabata ino alibe. Ndiye ndinapita pachitsulo choitanira anthu kuntchito ine, n'kuchiimba. Ndi dzanja ili. Azimayi anadzuka pamphasa mmodzimmodzi, osandiyang'ana, ine n'kuwatsogolera kokawokera fodya. Pamaliro panatsala Yobu, mkazi wake Lefina, ndi nkhalamba ziwiri zosatha kugwira khasu. Dzenje anakumba yekha bambo wa mwana. Madzulo pochokera kumunda ndinakumana naye, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo. Ukudziwa chimene anachita? Anandipatsa moni. Anati mwaswera bwanji akapitawo."

Enelesi anatsitsa manja m'chiuno n'kukhala pansi, chapatali pang'ono ndi mwamuna wake.

"Zinali zoipa, sindikukana," anatero. "Manyazi amenewo ndili nawo inenso. Kuchigayo ndikafika azimayi amasintha nkhani. Koma manyazi sathira kumunda, bambo a Comfort. Mwanayo anapita, simumudzutsa pokhala pakhonde. Anu ali moyo ndipo Febuluwale akubwera. Mawa ndikawaitana achimwene adzayankhe kalatayi."

Achimwene akewo anali a Aloysius, mwini mbumba, munthu amene paunyamata anakhalapo kalaliki ku boma ndipo kuchokera pamenepo cholembera sichinachokenso m'thumba la malaya. Makalata onse a Chingerezi a m'mudzimo ankadutsa m'manja mwawo. Kunena zoona, munthuyo anali wothandiza, koma thandizo lake linali ngati la sing'anga wochotsa dzino ndi pulayala.

Anafika Lachitatu dzuwa lili paliwombo. Anaiwerenga kalata ija atayitalikitsa ndi maso, milomo ikuyenda, kenako anaiyika pansi.

"Alamu, inu mukufuna tiyankhe kuti chiyani?"

"Zoona zake. Mulembe kuti sindinajombe, ndinasiya. Ndipo mulembe chifukwa chake, za mwana wa Yobu."

A Aloysius anaseka mpaka kutsokomola.

"Kalata ngati iyi sayankha ndi mtima, alamu. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Akufunsani kumene munali, sanakufunseni za khalidwe la abwana. Pakomitipo wapampando ndani?"

"Iwo omwewo."

"Ndiye mukufuna mukaweruze woweruza, m'nyumba mwake, mutakhala pampando wake. Ayi. Apa pafunika chifukwa chimene munthu sangachitsutse. Matenda?"

"Afuna buku la kuchipatala," anatero Enelesi.

"Ndiye maliro basi. Maliro safunsa chiphaso. Palibe bwana m'dziko muno amene anganene kuti kafukuleni tione."

Raymond anawayang'ana alamu ake ngati sanamve bwino.

"Maliro? Ine ndinasiya ntchito chifukwa cha maliro enieni, lero ndikaipemphenso ndi maliro abodza?"

"Minga imachotsedwa ndi minga inzake. Tiyeni tione. Lamulo la ku esiteti limati wachibale weniweni, bambo, mayi, mkazi kapena mwana. Bambo anu?"

"Tinaika kale. Abwana anatumiza ndi thirakita yomwe."

"Mkazi ndi uyu wakhala apayu, amamuona pamsika sabata iliyonse. Mwana..."

"Pa mwana wanga musayerekeze, achimwene," Enelesi anawadula. "Ngakhale moseka."

"Chabwino, chabwino. Ndiye atsala amayi."

"Amayi anga ali moyo, alamu. Mwezi watha womwewu anditumizira mtedza wa mbewu."

"Ali ku Santhe. Ndani wa pa esiteti amene angapalase njinga mpaka ku Santhe kukawerenga manda?"

"Kwathu amati kumuika munthu wamoyo ndi pakamwa n'kumuitanira."

"Pepala silipha munthu. Ine ndalembapo makalata otere ambirimbiri. Ena mwa amene ndinawapha ndimakumana nawo pamowa, anenepa kuposa ine." A Aloysius anasiya kuseka n'kusendera pafupi. "Ndikuuzeni zoona, alamu, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Inu kuno ndinu mkamwini. Munda umene mukulimawo ndi wa mbumba yanga. Ana a mlongo wanga akayamba kupempha madeya m'makomo, anthu sadzafunsa inu, adzafunsa ine. Chilungamo chanucho n'chabwino, tikuchiyamikira, koma mwachipeza mochedwa. Chikanabwera tsiku lija musanaimbe chitsulo, bwenzi lero tikukuimbirani m'manja. Panopa changokhala chodyetsa ana njala."

Mawu amenewa anamulasa Raymond pachilonda penipeni, chifukwa anali oona. Anayang'ana mkazi wake kuti mwina amuthandiza, koma Enelesi anali akutokosa pansi ndi kamtengo. A Aloysius anang'amba pepala pakati pa kope la mwana wasukulu n'kuyamba kulemba, lilime lili kunja pang'ono. Analemba kuti mayi a Esitere a ku Santhe anamwalira atadwala kanthawi kochepa, kuti mwana wawo woyamba sakanatha kuchoka pasiwa mpaka kumeta, ndiponso kuti akupepesa modzichepetsa chifukwa chosadziwitsa abwana. Atamaliza anamupatsa cholembera. Raymond anasaina. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuchititsa manyazi koposa.

Lachisanu anavala malaya ake akutchalitchi n'kuwoloka dambo. Mu ofesi munali anthu atatu: a Geoffrey kuseri kwa tebulo, kalaliki pambali pawo, ndi nkhalamba imodzi ya kumalaini imene inkaimira matenanti pakomiti. Ntchito ya nkhalambayo inali kukhala pabenchi pafupi ndi chitseko n'kumagwedeza mutu. Kalaliki anawerenga yankho lija pa Chingerezi, kenako analimasulira pa Chichewa kuti naye woimira matenanti amve. Pamene anafika pa dzina la amayi ake, Raymond anayang'ana nsapato zake.

A Geoffrey anamuyang'ana nthawi yaitali, akugogoda tebulo ndi cholembera. Anthu inu, munthu uja ankadziwa. Wakhala pa esiteti zaka zonsezi, maliro a papepala wawaona ambiri kuposa a kumanda. Koma fodya anali m'munda, ndipo kapitawo wodziwa kulankhula ndi anthu a ku Mulanje sapezeka pamsika.

"Pepani kwambiri, a Mphepo," anatero mofatsa. "Bwanji osanena? Ife pano maliro timawalemekeza."

"Zikomo, abwana."

"Nanga kalata yanu ija yosiya ntchito? Munalembamo mawu olemera."

"Mutu sunkayenda bwino, abwana. Amayi anali atayamba kale kudwala."

"Ndinaganiza choncho. Tiyiiwale." Anatsegula diloo, n'kutulutsa kalatayo, n'kuing'amba bwinobwino pakati. "Tikupatsani chenjezo lomaliza. Lolemba mukhale pantchito. Fetereza wanu katengeni kusitolo lero lomwe, ndamva kuti chimanga chanu sichili bwino."

Nkhalamba ya pabenchi ija inadzuka, n'kumugwira Raymond dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, akapitawo. Sitinamve ife."

Matumba aja anawatuta maulendo awiri panjinga, ndipo maulendo onsewo anazungulira njira ya kumanazale, yamatope, kuopa kudutsa kumalaini. Loweruka iye ndi Enelesi anakhalira kuthira fetereza kuyambira m'mawa, wina akubaya ndi kamtengo, wina akuthira ndi kachitsekero ka botolo. Anamaliza munda wonse osalankhulana zoposa "sendera" ndi "bweretsa". Chinthu chimene ankachilira chinali m'nthaka, koma palibe amene anati zikomo kwa mnzake.

Lamulungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi, Enelesi akuanula zovala anaona mzere wa anthu ukukwera kuchokera kudambo. Ankayenda pang'onopang'ono. Kutsogolo kunali azimayi atafunda zitenje, ena atasenza mabeseni, ena mitolo ya nkhuni. Kumbuyo kunali azibambo, zipewa zili m'manja. Zovala zinamugwa m'manja.

"Bambo a Comfort, tulukani. Tulukani msanga."

Raymond anatuluka n'kuima chilili. Anali matenanti a kumalaini, ndipo anawadziwa onse, mmodzimmodzi, poti mayina awo ankawaitana m'mawa uliwonse. Atafika pamtengo wa mango wa kumalire a bwalo, azimayi aja anayamba kulira chapansipansi, monga achitira anthu akamalowa pakhomo pamene pagwa zovuta. Kulirako kunatulutsa mudzi wonse. A Dyna anathamanga kuchokera kwawo akumanga chitenje panjira.

"Kwagwanji kwa a Mphepo? Bwanji ife oyandikana nawo sitinamve?"

Enelesi anayala mphasa zonse za m'nyumba, manja akuchita okha. Azimayi anakhala mbali yawo, azibambo pansi pa mango. A Aloysius anatulukira kuseri kwa nkhokwe, anaona, anamvetsa, n'kudzanong'oneza mlamu wawo kukhutu.

"Musatekeseke. Ingolandirani, muthokoze, azipita. Za a m'mudzi muno ndikonza ndine."

Amene anadzuka kuti alankhule anali Yobu. Anali munthu wamfupi, wowonda, wa mawu ochedwa. Anawomba m'manja mwaulemu, kenako ananjuta patsogolo pa Raymond.

"Akapitawo, tamva mochedwa. Anatiuza ndi agogo a pakomiti Lachisanu madzulo. Tikanabwera dzulo, koma mukudziwa nokha, tsiku limene miyendo ili yathu ndi lero lokha. Ife kuno ndife alendo. Amene munatitenga kwathu ndinu, ndiye bambo wathu kuno ndinu, ndipo amayi anu ndi agogo athu. Tinakhala pansi n'kunena kuti maliro n'kulirana. Tilibe kanthu, mukudziwa mmene phoso likuvutira, koma banja lililonse latapako pang'ono. Ndi kaufa ako, ndi tinkhuni. Pepani."

"Pepani," anavomereza onse.

Lefina, mkazi wa Yobu, anasendera pamphasa mpaka pamene panali Enelesi, n'kumugwira phewa. Lefinayo anali asanachotse kansalu kakuda kumutu.

"Limbani mtima, mayi," anatero. "Apongozi ndi mayi ako omwe. Zimawawa, koma Mulungu alipo."

Enelesi anadziphimba kumaso n'kulira. Sikunali kulira kochita kupanga ayi. Analira ndi mapewa onse, ngati mwana, ndipo azimayi aja ataona choncho anamuthandiza. A Dyna nawo, osadziwa n'komwe amene wamwalira, misozi inayamba kutsika. A Aloysius anagwedeza mutu mokhutira, kuona kuti zinthu zikuyenda.

"Anadwala nthawi yaitali amayi?" anafunsa Yobu.

"Ayi," anatero Raymond. "Kanthawi kochepa."

"N'chimodzimodzi wathu uja. Dzulo akusewera, lero palibe." Kenako Yobu anafunsa mosamala, ngati munthu amene funsolo lamuvutitsa njira yonse. "Nanga anthu analipo okwanira? Poti ino ndi nyengo ya ntchito. Okumba manda anapezeka?"

Munalibe mnyozo m'mawu akewo. Akanakhala kuti akunyoza, bwenzi zili bwino, munthu amatha kupirira chipongwe. Koma Yobu ankafunadi kudziwa, ndipo ankayembekeza yankho maso ali pa kapitawo wake. Raymond anatsegula pakamwa kuti anene kuti inde, analipo ambiri. Mawuwo anakana.

"Yobu," anatero. "Amayi ali moyo."

A Aloysius anamuponda chala. Raymond anasuntha phazi n'kukweza mawu kuti ndi azimayi omwe amve.

"Amayi anga ali moyo, ali ku Santhe, akulima. Palibe amene wamwalira. Ndinanama kuti ndibwerere pantchito, kuti ndilandire fetereza. Kuntchito ndinachoka chifukwa cha manyazi a tsiku lija la mwana wako. Ndinalephera ngakhale kubwera kudzakupepesa. Lero wabwera ndiwe."

Kulira kunaleka ngati wazimitsa wailesi. Kunangotsala kwa Enelesi. Lefina anachotsa dzanja lake paphewa paja pang'onopang'ono n'kuliika pamiyendo pake. A Dyna anagwira pakamwa, n'kubwerera chammbuyo kupita kumene kunaima anthu a m'mudzi, ndipo nkhani inayamba kuyenda pomwepo, khutu ndi khutu. Poti tiwayang'ane a Aloysius, anali atazimirira kale kuseri kwa nkhokwe kumene anachokera.

Yobu anakhalabe chinjutire, akutembenuza chipewa chake m'manja. Mnyamata wina wa kumalaini anadzuka mwaukali kuti alankhule, koma mkulu wina anamukoka malaya n'kumukhazika pansi.

"Tathokoza kuti amayi ali moyo," anatero Yobu potsiriza. "Imeneyo ndi nkhani yabwino. Kwa abwana sitikanena, musade nkhawa. Akakuchotsani abweretsa wina wosadziwa ngakhale mayina athu."

"Tengani ufa wanu, chonde," anatero Raymond. Tsopano anali atagwada pafumbi, pamaso pa mudzi wa akazi ake. "Ndikudziwa kumene mwautapa. Ana anu akadye."

"Kwathu ufa wa pamaliro subwerera kunyumba, akapitawo. Ndani angaudye?"

Yobu anatembenuka n'kuwakodola azimayi. Mabeseni okha ndiwo ankawafuna, poti ena anali obwereka. Lefina anadzuka, anatenga dengu limene linali pakhonde, n'kuliika pakati pa bwalo. Azimayi anabwera mmodzimmodzi kudzakhuthula. Wina ufa wake unali woyera, wina wa mgaiwa, wina wosakwana n'komwe manja awiri. Aliyense ankagogoda beseni lake kuti pasatsale kanthu, n'kupita kukaima kunjira. Dengulo silinadzaze.

Yobu anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Musunge, akapitawo," anatero. "Tsiku limene amayi adzatisiye zenizeni, mwina kudzakhala kutagwa mvula usiku, ife osaloledwa kubwera. Mudzangoti anthu aja anafika kale."

Anavala chipewa, anayenda pang'ono, kenako anacheuka.

"Mawa chitsulo ndi nthawi yomwe ija?"

Raymond anayang'ana dengu lija, anayang'ana mkazi wake amene anali chiphimbire kumaso, anayang'ananso anthu a m'mudzi amene anali asanachoke.

"Yomwe ija," anayankha.